Manda opingasa

Bambo anga anali mkamwini m'mudzi wa amayi, kwa Mwambo. Makolo awo anachokera ku Mozambique, kutsidya kwa nyanja ya Chilwa, koma iwo sanapondeko. Ankangoloza ndi chibwano: "Kwathu ndi uko."

Chaka chomwe anadwala chifuwa, ndinkawatulutsa pakhonde m'mamawa kuti apume bwino. Tsiku lina nthanda inkawala pamwamba pa chilumba cha Chisi.

"Iwe unapita kusekondale," anatero. "Za nyenyezi iyo anakuuzani chiyani?"

Ndinawauza zomwe ndinkakumbukira. Kuti si nyenyezi, koma dziko ngati lathuli. Kuti lathuli limazungulira kulowera kum'mawa, n'chifukwa chake dzuwa limatulukira uko. Maiko anzake ambiri amatero, koma nthanda imazungulira mobwerera. Munthu atakhala kumeneko, dzuwa lingamutulukire kumadzulo.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye nayonso ndi mkamwini. Anzake uku, iyo uko."

Atapuma anafunsa, "Ukuti tonsefe, ndi minda yomwe, tikupita kum'mawa?"

"Eya, bambo."

"Basi. Podzandiika, nkhope iyang'ane komwe tikupitako. Ndisamapite kwathu cham'mbali ngati nkhanu."

Sindinauze aliyense. Ndinkati nthawi ilipo.

Anamwalira mpunga ukucha. Nditafika kumanda, adzukulu anali atakumba kale kulekeza m'mawondo, motsata mwambo wa m'mudzimo: onse amagona moyang'ana kumpoto. Dothi lake ndi la makande, ndipo anthuwo thukuta linali kamukamu. Ine si munthu wolankhula pagulu. Ndinangoima.

"Achimwene, mwatibweretsera fodya kapena mawu?" anafunsa mkulu wa adzukulu.

"Mawu."

Ndinafotokoza zonse, ndi za nthanda zomwe.

"Ha! Jogalafe yafika kumanda tsopano?" wina anatero, ndipo anzake anaseka pang'ono. Mkulu uja sanaseke. Anati manda si ake, ndi a malume anga, n'kutuma munthu kukawaitana.

Malume anamvetsera atawerama.

"Anakuuza ndi pakamwa pawo?"

"Eya, malume."

"Nanga unali kuti masiku onsewa?"



Malume anayang'ana dzenjelo nthawi yaitali, kenako anati, "Alamu anakhala nafe zaka zonsezi osapempha kanthu. Kwirirani, muyambenso."

Ndinatola khasu kuti ndithandize, koma mkulu wa adzukulu anandilanda. "Namfedwa sakumba. Mungotilozera."

Ndinawalozera ku Chisi. Tinaika maliro dzuwa litapendeka kwambiri, ndipo ochokera kutali ena anali atabwerera kale. Zimenezo ndinachititsa ndine, ndi kukhala chete kwanga.

Mpaka lero manda a bambo ndi okhawo opingasa pakati pa anzawo. Ndikapita kukalambula, ndimakhala pansi pambali pawo pang'ono, nkhope kunyanja, ndisananyamule khasu kubwerera kunyumba.