Timavu ta M'mikukwe ya ku Verulam

Nditasiya choko ndi bolodi kwathu ku Malawi, sindinaganizepo kuti ukalamba udzandipeza ndikung'amba mapesi. Komatu ndiyo ntchito imene ndinaipeza ku Durban, pa malo ena ofufuza za tizilombo toononga mbewu. Ndinkathandiza mayi wina wachitsikana, katswiri wa tizilombo, amene ankanditcha "mkhulu" ndipo sankatopa kuseka tayi yanga.

Tinkafufuza timavu ting'onoting'ono ngati njere za chitowe. Kamavu kakakazi kamalowa m'phesi la chimanga n'kuikira mazira m'thupi la kapuchi, mbozi ija yoboola mapesi. Ana ake amaidya mboziyo ali m'kati mwake, kenako amatuluka n'kudzikulunga m'tizikwa toyera. Mlimi sangapeze bwenzi loposa pamenepo.

Timavuti tili m'mitundu iwiri yofanana ngati mapasa. Wina ndi wa kuno ku Africa, winawo anachita kubwera nawo kuchokera kutsidya kwa nyanja. Ndi maso okha munthu sangaisiyanitse. Amayenera kuika kamavu kakamuna pansi pa maikulosikopu n'kuyang'ana kunsonga kwa mimba yake, pamene mtundu wobwerawo uli ndi ziwalo zoonda ndi zazitali, pomwe wakuno uli ndi zazifupi ndi zojintcha. Luso limeneli ndinaliphunzira movutika, koma nditalidziwa ndinalinyadira kwambiri.

Pakhoma panali mapu aakulu, ndipo paliponse pamene tapeza timavu tinkabayapo pini yosonyeza mtundu wake. Kum'mwera ndi kumtunda mapini anali mbwee. Kumpoto, cha ku Verulam, kunali mbee, pakuti minda yambiri inali itasanduka nyumba. Ine ndinali woti ndipuma pa ntchito kumapeto kwa chaka chimenecho cha 2009, ndipo ndinalumbira mumtima kuti sindichoka mapuwo ali ndi dazi.

Nyengo yokolola ili pafupi kutha, tinapeza kamunda kamodzi kokha ka chimanga kuseri kwa nyumba zatsopano, pamene kale panali nzimbe. Mwini wake anali mayi wamkulu ndithu, ndipo tinawapeza akuunjika zinyalala kuti atenthe. Katswiri uja anawalonjera m'Chizulu n'kufotokoza chimene tinadzera.

"Angazi," anayankha mayiwo m'Chizulu momwemo osatiyang'ana, kutanthauza kuti sakudziwa kanthu. Anaonjeza kuti mundawo si wawo ndipo tichoke.

Sindinawadabwe. Chipwirikiti cha chaka cha m'mbuyo mwake, pamene anthu ankathamangitsa ndi kupha obwera, chinatiphunzitsa tonse alendofe kubisa lilime. Inenso m'takisi ndinkangoti "yebo" ndi "sharp", Chichewa changa nditachipinda bwino ngati suti ya ukwati.

Katswiri uja anabwerera ku galimoto atataya mtima, koma ine mapazi anakana. Ndinali nditaona mizere. Inali yokwezedwa bwino ndi khasu, yopingasa chitunda, maungu akuyanga m'makwalala, nandolo ataima m'malire. Chimanga sanachithyole chili chiimire ayi. Anachidula ndi mapesi omwe n'kuchiimika m'mikukwe, yomangidwa pakhosi ndi luzi. Chibwerere ku Durban ndinali ndisanaonepo mkukwe.

Kunja kwa mpanda kunkadutsa anthu. Ndinavula chipewa, ndinanjuta, ndinaomba m'manja, ndipo ndinalankhula momveka bwino.

"Odi kuno, mayi. Pepani kuti talowa m'munda mwanu ngati mbuzi zosoweka mbusa. Kodi mwaswera bwanji?"

Khasu linaima m'malere. Mayiwo anayang'ana kumpanda, kenako kwa ine.

"Tsitsani mawu, bambo inu! Mukufuna atiotchere pompano? Wakuuzani ndani kuti ndine wa ku Malawi?"

"Palibe wandiuza. Mikukwe yanuyi ndi imene yakuululani. Munthu akhoza kubisa lilime, koma khasu lake silidziwa kunama."

Anayesa kulimba nkhope, koma chiseko chinawapulumuka. "Eish! Ndiye Chichewa chanucho mwachitenga kuti? Ngati mukuwerenga nkhani pa wailesi. Munali abusa kapena?"

"Ndinali mphunzitsi."

"Ndaonera tayi. Ndiye aphunzitsi athunthu mwayenda ulendo wonsewu kudzapempha mapesi? Kwanu mbuzi zili ndi njala?"

Ndinasolola phesi limodzi lokhala ndi kabowo, ndinaling'amba ndi mpeni, ndipo mwayi unandimwetulira. M'kati munali kapuchi wofooka, tizikwa toyera titamuzungulira.

"Mazira ake amenewo," anatero mayiwo. "Ndikawapeza ndimawatswanya."

"Si mazira ake, mayi. Amenewa ndi adani ake. Amudya kale, moti sadzaboolanso chimanga chanu."

"Ndiye ndakhala ndikupha aganyu anga omwe?" Anagwira pakamwa. "Tengani, aphunzitsi. Tengani mkukwe wonsewo ndikangochotsa chimanga. Koma mtsikana wanuyo asakalembe dzina langa kuboma."

Ndinawatsimikizira kuti pa mapu pamabayidwa pini yokha. Ndinakaitana katswiri uja ku galimoto, ndipo tinakhala pansi tonse atatu n'kumasenda chimanga, iye akufunsa kuti tikuseka chiyani, ife osamumasulira zonse.

Titabwerera ku labu, kuntchito kwathu kuja, tinaika tizikwato m'timabotolo totsekedwa ndi thonje. M'mawa uliwonse ndinkayamba kusuzumira m'menemo ndisanavule n'komwe jekete. Tsiku lina ndinapeza timavu takuda tikuyendayenda m'galasi. Ndinasankha kakamuna, ndinakakonza monga mwa mwambo wake, ndipo ndinayang'ana kwa nthawi yaitali, pakuti maso a munthu wokalamba sayenera kuthamangira chigamulo. Ziwalo zinali zazifupi ndi zojintcha. Katswiri uja anayang'ananso payekha, kenako anandipatsa pini.

"Ndi wakuno, mkhulu. Bayani nokha."

Ndinakonza tayi, ndinayandikira khoma, ndipo ndinabaya pini ija pa Verulam mwamphamvu, mpaka chala chinandiwawa. Dazi lija linatha.

Loweruka lotsatira ndinakwera takisi kukawauza mayi aja. Ndinawapeza atasiya mikukwe iwiri osaitentha.

"Ndasiyira aganyu anga pogona," anatero. "Ndiye mwapeza kuti ndi a kuti?"

"Ndi eni dziko, mayi. Anabadwira konkuno."

"Eni dziko kugwira ganyu m'munda mwa mlendo!" Anaseka mpaka kutsamira khasu, ndipo ulendo uno sanayang'ane kumpanda.