Tinameza Nyemba Kuti Amai Zulu Avale Chisoti

Loweruka lapitali ndinameza nyemba youma gwa, yathunthu, ndipo ndinaimeza uku ndikumwetulira. Musafulumire kundiseka, imvani kaye.

Owerenga akale a tsamba lino mukudziwa kuti ndikaweruka kuntchito ndimakaphunzira Chifalansa m'tauni. Ndife kagulu ka akuluakulu okhaokha, ena imvi zili mbuu, tonse kulimbana ndi malilime okana kupinda. Mphunzitsi wathu ndi Madamu Ilunga, mayi wa ku Lubumbashi amene amakhala m'mafulati a ku Kabwata.

Tisanatsekere holide ya Khirisimasi tinkaphunzira mayina a miyezi, aliyense n'kumanena tsiku limene anabadwa. Amai Zulu a ku Chelstone, amene amataipa makalata mu ofesi ina ya boma, anatchula lawo bwinobwino, la kumayambiriro kwa Januwale. Kenaka anawonjezera m'Chinyanja chathu cha m'tauni:

"Koma ine ma birthday siniyaziba. Pamene nenze mwana benze kuniuza ati dilesi ya Christmas ndiye yamene iyo. Manje nakula, mu January bantu bonse balema na ma party. Ine mwayi unanipita patali."

Anaseka, nafenso tinaseka. Koma ine zinandiwawa, ndipo ndinadziwa pambuyo pake kuti sizinawawe ine ndekha.

Madamu ndiwo anabwera ndi nzeru. Anati kwa anzathu olankhula Chifalansa, Chaka Chatsopano chikangodutsa amaphika keke n'kubisamo nyemba imodzi. Amene waipeza m'chidutswa chake amavekedwa chisoti cha pepala, ndipo tsiku lonselo ndi mfumu. Kuti pasakhale kukondera, wamng'ono pa onse amalowa pansi pa tebulo, kumene sangaone kanthu, n'kumatchula dzina la woti alandire chidutswa chilichonse.

Ife tinapangana zokondera ndithu. Madamu aika chizindikiro pamene pali nyemba, ndipo chidutswacho chikafika agunda ndi phazi munthu wa pansi pa tebulo kuti atchule Amai Zulu. Eniakewo tinangowauza kuti kuli phunziro lapadera kunyumba kwa Madamu.

Za fulawa ndi shuga musandifunse. Inunso mizere ya m'mashopu ya masiku ano mumaimapo, mukuidziwa. Aliyense anabweretsa kochepa kamene anasunga pa Khirisimasi, ndipo kanakwana.

Tsikulo ine mtima sunakhazikike. Bwanji mpeni ukaphonya? Ndinanamizira kukasamba m'manja kukhitchini, ndinapeza keke ili m'chitini isanalowe mu uvuni, ndinatapa nyemba ina m'botolo la Madamu n'kuikankhira pafupi ndi chizindikiro chija. Ndinatuluka ndikudziona wochenjera kwambiri mu Lusaka yense.

Titafufuza wamng'ono pa tonse, anapezeka kuti ndi a Banda, manijala wa kampani ina, okhala ku Kabulonga, munthu amene kuntchito kwake anthu amaimirira akamalowa. Anayang'ana tebulo, anayang'ana suti yawo.

"Ba Madamu, palibe njila inangu?"

"Kulibe, ba Banda. Ngenani."

Anavula jekete, anagwada, nalowa. Nsapato zokha ndizo zinkaonekera kunja kwa nsalu ya patebulo, zonyezimira ngati galasi. Ndakhala m'tauni muno zaka zambiri, koma sindinasekepo chotero.

Zidutswa zinagawidwa, phazi la Madamu linagwira ntchito yake, a Banda anatuluka ndi fumbi m'mawondo, tinayamba kudya. Nditangoluma kachiwiri, dzino langa linagunda chinthu cholimba.

Nyemba, m'kamwa mwanga ine.

Ndinayang'ana anzanga. A Banda anali atasiya kutafuna, maso ali tong'oo. Mayi wina wa ku Woodlands ankayang'ana kudenga tsaya lili tudzu. Apo m'pamene ndinazindikira kuti amene anakasamba m'manja kukhitchini kuja sindinali ine ndekha. Aliyense anaikamo yake, ndipo keke pofufuma inazimwaza mmene inafunira. Walira mvula walira matope.

Amai Zulu okha ankadya mwaulemu, pang'onopang'ono, osapeza kanthu. Munthu mmodzi akanangoti "ndaipeza", chisoti chikanapita kwa iye, ndipo mayiwo akanabwerera ku Chelstone atatsimikiza kuti mwayi unawapitadi patali.

Ndinameza. A Banda anameza, kholingo likuchita kuoneka. Mayi wa ku Woodlands anatsokomola pang'ono, nayenso yake inatsika.

Anatsala a Phiri, mkulu wa mpingo wa Reformed, munthu amene sanamapo ngakhale pa nkhani ya nthabwala. Tinawaona akuitembenuza nyemba ija ndi lilime. Anatsegula pakamwa kuti alankhule, ife mitima ili m'mwamba.

"Nipempako manzi," anatero.

Anamwa kapu yonse maso ali chitsinzire, monga amachitira popemphera. Ndipo asanaike kapuyo pansi, Amai Zulu anagwira tsaya, natulutsa kanthu m'kamwa, nakayang'anitsitsa pachikhatho.

"Ine?"

Tinaimba *joyeux anniversaire*, nyimbo ya tsiku lobadwa, ndi Chifalansa chathu chopindikapindika, a Phiri akutsogolera ndi mawu a kwaya. Madamu anaveka Amai Zulu chisoti chodula ku katoni ya sopo. Mayiwo analira, anaseka, kenaka analamula monga mfumu kuti a Banda atsuke mbale. Anatsuka. Dziko lathu lino tinagwirizana kuti mpando wolamulira ukhale umodzi, koma sindinaonepo anthu ofuna mpando akuusiyira mnzawo mokondwa ngati tsiku limenelo.

Tsono ndikufunseni, anzanga. M'nyumba zathu muli ana angati obadwa pakati pa Khirisimasi ndi kutsegulira kwa sukulu? Timawauza kuti nkhuku ya pa Khirisimasi inali yawonso, nsapato za sukulu ndiyo mphatso. Mwana amavomera, chifukwa mwana wa ulemu satsutsa. Koma amaona m'bale wake wobadwa mu Juni akuimbiridwa yekha, ndipo amasunga mumtima mpaka imvi. Ena mudzati zokumbukira tsiku lobadwa n'zachizungu, makolo athu sankazidziwa. N'zoona. Koma poti tinazilandira, bwanji tikuzigawa mokondera? Sizilira keke ya mashopu a m'tauni. Zimangolira kuti tsiku limodzi munthu atchulidwe dzina, iye yekha.

Pobwerera ndinaima ndi Amai Zulu pa siteshoni ya basi, chisoti chili kumutu, osafuna kuchivula ngakhale anthu ankacheuka. Basi ya ku Chelstone itafika anandigwira mkono.

"Imwe, muuze ba Phiri ati next time bazitafuna. Nenze kumuonani monse mukumeza."

Anakwera, katoni ya sopo ili ngwee pamutu, kondakitala n'kuwapatsa mpando wa kutsogolo.

Inu kwanuko, ndani wabadwa sabata ino amene mukumuuza kuti dilesi ya Khirisimasi ndi yomweyo?