Kumbuyo kwa Achemwali Aginesi

Ndisananene kanthu, ndithokoze Mulungu amene wandisungira mpweya m'chifuwa kufikira imvi izi, ndiponso amene sanandibwezere molingana ndi kudzikuza kwa ubwana wanga. Ulemu upite kwa Iye yekha.

Masiku apitawa mwana wanga wamkazi anandionetsa kanema pa foni yake. Munali mayi wina woimba wa ku Australia, amene akuti anakhala zaka zambiri akuimba kumbuyo kwa oimba otchuka, kuwathandizira mawu. Mwanayo anati, "Amayi, mawu okoma chonchi munthu n'kumaima kumbuyo? Ine sindingalole." Ndinaseka naye, koma ndinakumbukira zimene ndinachita ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Tinkakhala m'malaini, nyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi chakufupi ndi Limbuli. Bambo ankagwira ntchito ku fakitale, amayi ankathyola tiyi. Achemwali anga Aginesi, amene anandiposa ndi zaka zinayi, ndiwo ankatsogolera nyimbo m'kwaya ya achinyamata pa tchalitchi pathu. Akayamba kuimba, ngakhale amayi oyamwitsa ankaleka kutonthoza ana. Koma achemwali anali ndi mphumu. Nyengo ya chiperoni, nkhungu ikatsika m'phiri n'kuphimba minda ya tiyi, chifuwa chawo chinkaimba mluzu, ndipo mpweya unkawathera pakati pa mzere wa nyimbo.

Mphunzitsi wa kwaya anali bambo Namakhwa, kapitawo wa pa esiteti pomwepo, munthu wosalankhula kawiri. Akuluakulu ena a mpingo ankawauza kuti achotse achemwali kutsogolo, asadzatichititse manyazi pagulu. Iwo anakana. M'malo mwake anandiimika ine phazi limodzi kumbuyo kwa achemwali, chakumanzere.

"Falesi, usamayang'ane anthu," anatero. "Uziyang'ana phewa la mkulu wako. Likakwera, dziwa kuti akufuna mpweya. Iwe gwira liwu lomalizalo, ulikoke pang'onopang'ono, ng'oma izungulire, mpaka iye abwerere. Ntchito yako ndi yomweyo."

Ndinaiphunzira ntchitoyo, ndipo ndinkaichita bwino, kotero kuti anthu sankadziwa n'komwe kuti achemwali apuma. Apo ndi pamene panandipweteka. Potuluka m'tchalitchi amayi a mumpingo ankagwira achemwali chanza, ine n'kungondisisita mutu ngati mwana wonyamula chikwama. Mumtima mwanga munamera kanthu kamene sindinauze munthu. Ndinkadziwa kuti mawu anga amafika pamwamba kuposa a achemwali, ndipo ine mpweya sunkandithera.

Chaka chimenecho makwaya a mpingo wathu anaitanidwa ku msonkhano waukulu ku Nkando. Unali mwezi wozizira. Sabata yonse achemwali ankatsokomola, amayi n'kumawafukiza masamba a bulugamu m'madzi otentha atawafunditsa bulangeti. M'mawa wa tsikulo tinakwera lole, mphepo ikutimenya kumaso, ndipo ndinamva mluzu uja m'chifuwa mwawo ngakhale injini inkalira. Ndinachita mantha. Koma ndivomereze pamaso pa Mulungu ndi pamaso panu kuti pansi pa manthawo panali kachiyembekezo koipa.

Ku Nkando kunali anthu ochuluka kuposa amene ndinali nditawaonapo, ena atakhala m'mawindo, ena panja pansi pa mitengo ya mango. Kutsogolo kunali maikolofoni, chinthu chimene kwathu tinalibe. Achemwali anaima patsogolo pake, ine pambuyo pawo. Ndime yoyamba inayenda bwino. Phewa linakwera kawiri, ndinagwira liwu, anabwerera.

Pa ndime yachiwiri phewa linakwera, silinatsike. Achemwali anatembenukira kumbali, dzanja pachifuwa. Ndinagwira liwu lija, ng'oma inazungulira kamodzi. Ndinaona malo apululu pakati pa iwo ndi maikolofoni, ndipo phazi langa linapita lokha. Ndinatenga ndimeyo. Mawu anga anatuluka m'zimkuzamawu aakulu moti ndinadabwa nawo ndekha, ndipo azimayi okhala kumbuyo anayamba nthungululu. Ndinamaliza ndime yachiwiri, ndinalowa yachitatu osayang'ana kumbali. Nditamaliza, ndinatembenuka. Achemwali anali ataima pamene ndinkaima ine, manja ali kumbuyo, pakamwa potseka, akupuma bwinobwino.

Pobwerera anzanga ankandiyamikira m'lole. Bambo Namakhwa anangoti, "Waimba bwino, Falesi. Koma si zimene ndinakutuma."

Kunyumba ndinatsatira achemwali ku mpopi kumene ankatsuka mbale. "Achemwali, ndimafuna kukuthandizani. Mpweya unali utakutherani."

"Unabwerera," anatero osandiyang'ana. "Ng'oma isanazungulire kachiwiri unali utabwerera. Ndinatsegula pakamwa, ndinapeza iwe uli pamenepo. Tenga malowo, ndi ako. Akuluakulu aja ananena zoona."

Lachitatu sanapite kokonzekera nyimbo. Loweruka sanapitenso. Sabata ziwiri zinatha achemwali akukhala pa benchi ya amayi, buku la nyimbo lili chitsekere pamiyendo. Ngakhale posinja kapena pochapa, pamene kale ankang'ung'udza nyimbo osadziwa, tsopano kunali zii. Nyumba yathu inali ya chipinda chimodzi ndi pabalaza, tinkagona mphasa imodzi, koma zinali ngati pakati pathu padutsa mtsinje. Ndinkaopa kuti ndatseka pakamwa pamene Mulungu anatsegula, ndipo sipadzatsegukanso.

Popemphera m'mawa bambo ankawerenga Malemba asanapite ku fakitale. Tsiku lina anawerenga za mtsogoleri uja amene anakwera phiri pa tsiku la nkhondo nakweza ndodo m'mwamba, manja ake atalema, amuna awiri n'kumuchirikiza manjawo mbali iyi ndi iyo kufikira dzuwa litalowa. Bambo sankanena za ine, sankadziwa n'komwe zimene zinali mumtima mwanga. Koma ndinamva kutentha m'makutu. Amuna awiriwo anali ndi manja amphamvu. Akanatha kulanda ndodo ija n'kuikweza okha. Sanatero.

Sabata yachitatu akuluakulu anagamula kuti ine ndizitsogolera. Bambo Namakhwa anandiuza Loweruka, nkhope yawo yosasonyeza kanthu. Lamulungu m'mawa ndinayenda njira yodutsa m'tiyi, mame akundinyowetsa siketi ya yunifolomu.

Nthawi ya kwaya itakwana tinaimirira kutsogolo. Anzanga anandisiyira malo a wotsogolera. Ine ndinakaima phazi limodzi kumbuyo kwake, chakumanzere, pamalo panga pa masiku onse. Kutsogolo kwanga kunalibe munthu.

Ng'oma inayamba. Inazungulira kamodzi, palibe anayambitsa nyimbo. Inazungulira kachiwiri. Mtsikana woimba mawu a alito anandigunda ndi chigongono. "Iwe, yamba! Wagona?" Abusa anakweza maso pamwamba pa magalasi. Ndinaona bambo anga akuwerama ndi manyazi pa benchi ya amuna, ndipo ndinadziwa kuti kunyumba kukandidikira mkwapulo. Woimba ng'oma anayang'ana bambo Namakhwa kuti aleke, koma iwo anamukodola kuti apitirize. Kachitatu. Kachinayi. Ana anayamba kuseka. Ndinapemphera mumtima mawu ochepa okha: Ambuye, musandisiye pano.

Kenako liwu linachokera ku benchi ya amayi. Linali laling'ono, lonjenjemera, ngati la munthu wodzuka kumene pa matenda. Achemwali anayambitsa nyimboyo ali chikhalire. Kwaya inavomera. Anaimirira, anadutsa pakati pa mabenchi akuimba, atavala chitenje chawo cha kunyumba pakati pa ife a yunifolomu, nadzaima patsogolo panga. Pakati pa ndime yachiwiri mpweya unawatheranso. Ndinagwira liwu, ndinalikoka mpaka m'maso mwanga munachita mdima, ndipo anabwerera.

Potuluka achemwali anandikoka khutu kuseri kwa tchalitchi. "Chitsiru iwe! Ukanaima pamenepo mpaka liti?"

"Mpaka mutabwera."

"Ndikanapanda kubwera?"

"Bwenzi bambo atandimenya."

"Akumenyabe," anatero, ndipo anaseka mpaka anatsokomola. Bambo sanandimenye. Anangondiyang'ana nthawi yaitali pa chakudya chamasana, n'kundisunthira chipapiko cha nkhuku.

Achemwali anatsogolera kwaya ija zaka zina zisanu, mpaka anakwatiwa n'kusamukira ku Thyolo. Ine sindinakhalepo wotsogolera nyimbo, ndipo kufikira lero ndimaimba mzere wachiwiri m'kwaya ya amayi. Sindinena kuti kuima kutsogolo ndi tchimo. Mulungu amaitana ena kutsogolo, ndipo akaitanidwa apite. Chimene ndinaphunzira n'chakuti thandizo likhoza kusanduka kulanda, munthu osazindikira pamene wadumphira malire, anthu n'kumamuimbira nthungululu pa tchimo lakelo. Ndaziona m'banja, ndaziona mumpingo, ndaziona posamalira odwala: munthu wafooka kanthawi, iwe wamugwirira, ndipo mphamvu zake pobwerera wapeza malo ake ulimo. Kudikira ndi kovuta kuposa kuimba. Kumafuna kuti ukhulupirire kuti mnzako abwerera, ngakhale anthu onse akukuyang'ana.

Inu amene mukuwerenga, ena mwa inu muli kumbuyo kwa munthu lero, kaya ndi mwamuna wodwala, kholo lokalamba, kapena mnzanu wa pa ntchito amene mphamvu zamuthera. Ambuye akupatseni mpweya wokwanira kumugwirira, ndi mtima womubwezera malo ake. Ena ndinu amene mwakhala pa benchi, pakamwa potseka chifukwa cha zimene m'bale anakuchitirani. Ambuye akutsegulireninso pakamwa, ndipo nyimbo yanu isathere pakati. Mtendere wake ukhale pa nyumba zanu. Ameni.