Bwana amene sanaone mimba

Amene munaona bambo wadazi akuvina pamsewu pa Manjawira Lachiwiri lapitali, musavutike kufunsa: ndinali ine. Sindinalawe ndi dontho lomwe. Mlongo wanga Esinati wabwerera pantchito!

Esinati amagulitsa mbewu ndi feteleza m'sitolo ina pamenepo. Mimba itakula anapempha tchuthi chokachira, bwana wake n'kuvomera pakamwa. "Pitani mayi, ntchito sithawa."

Mwana atabadwa, bwanayo anafika yekha kumudzi, sopo ndi chitenje kumanja. Linali tsiku lotulutsa mwana m'chikuta. Malume athu, pofuna kulemekeza mlendo, anati, "Bwana, mwanayu mumutche dzina ndinu." Munthu analilandira khandalo, n'kulitcha Felesiya, dzina la malemu mayi ake. Nthungululu zinamveka mpaka kudimba.

Tchuthi chitatha, Esinati anapeza mphwake wa bwanayo ali pakauntala, atavala ndi epuloni yake yomwe. Akuti ntchito inatha, chifukwa iye anathawa osatsanzika.

Mlongo wanga analira, abale. Mwamuna wake ali ku Joni, foni sayankha, ndipo pakhomo ponse pamadalira kauntala imeneyo. Ine mtima unandipsa. Ndinamutenga Esinati, mwana kumsana, ulendo wa kuofesi ya zantchito kuboma.

Bwana ataitanidwa anabwera ndi tayi. "Ine sindinkadziwa n'komwe kuti ali ndi pakati," anatero. "Ndinangoona munthu wasiya kubwera."

Mayi amene ankamva nkhaniyo anali akuseweretsa kaphazi ka mwana. "Kokongola bwanji! Dzina ndani?"

"Felesiya," anayankha Esinati. "Anatcha ndi abwanawa. Ndi dzina la mayi awo."

Bwana anayamba kutsokomola chifuwa chimene sanabwere nacho.

"Ndiye bambo," anatero mayi aja, "mayi anuwa mukufuna agone ndi njala?"

Ndinaluma kolala ya malaya kuti ndisaphulike. Zoonadi bodza lilibe miyendo. Mawa lake epuloni inabwerera kwa mwini wake.

Koma kuvina kutatha ndinadzifunsa: nanga amene alibe Felesiya? Malume akanapanda kukonda kulemekeza alendo, bwenzi mlongo wanga akutchedwa wothawa ntchito mpaka lero. Ndi angati m'masitolo ndi m'malesitilanti mwathumu amene amamanga mimba ndi chitenje kuti bwana asaione? Nanga abambo amene amaopa kupempha ngakhale masiku ochepa mkazi ali kuchipatala? Lamulo lilipo, limati kukachira si mlandu, koma ambiri sitilidziwa, ndipo tchuthi timangopatsana pakamwa ngati moni.

Tsono ndifunseko inu mabwana amene mumachotsa munthu ntchito chifukwa wabereka. Kodi inuyo mayi anu anachita kukugulani pamsika wa Tsangano pamodzi ndi kachewere?