Jekete ya Tsiku Losudzula

Mlongo wanga Lameck sadziwa kukhala pansi. Akakhala pampando mwendo umayamba kunjenjemera, akaimirira amafuna kuyenda, akayenda amabwerera panjira chifukwa wakumbukira kuti malaya amene wavala sakugwirizana ndi nsapato. Ine Albertina, mchemwali wake wamkulu, ndinam'bereka kumsana kwangaku ali khanda, ndipo ngakhale kumsanako ankangokhalira kundimenya mateche. Ndiye musandiuze kuti khalidweli analiphunzira kwa anzake a pamsika.

Kuno ku Namitambo palibe amene samudziwa. Tsiku la msika, a Sabiti ogulitsa kaunjika asanadule n'komwe mawaya a belo, Lameck amakhala atafika kale, akuzungulirazungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Belo likangotseguka azimayi amakankhana, wina kukoka mkono wa diresi wina kukoka m'munsi mwake, koma iye salimbana ndi zapamwamba. Amapisa mkono mumuluwo mpaka m'chigongono, zala n'kumafufuza pansi, ndipo chimene atulutse chimakhala chinthu choti onse aja asiye kukangana n'kumuyang'ana. Akuti nsalu yabwino imadziwika ndi zala, maso amabwera pambuyo.

Ntchito yake ndi yomweyo. Amasankha, kuchapa, kusita ndi simbi yamakala, kenaka n'kukagulitsa kwa aphunzitsi, kwa anamwino ndi kwa anyamata a kabaza amene apeza chibwenzi chatsopano. Zokongola kwambiri, monga mukudziwa, zimatsala m'sutikesi mwake. Chimene amatchuka nacho ndi diso. Lameck sayenda ndi tepi yoyezera. Ukamutuma siketi amakuyang'ana kamodzi kuchokera m'mapewa mpaka m'chiuno, basi, ndipo chimene akubweretsere chimakukwana ngati telala anachita kukusokera. Amanyada nazo mpaka kutopetsa. Ine ndimamuseka kuti dzina lake ndi Sindiphonya.

Kutchena kwakeku kuli ndi pamene kunachokera. Abambo athu, a Vitalis, sankagulira mwana chovala chomukwana. Yunifolomu ya Lameck ya ku pulayimale inali yoti mukanalowa ana awiri. Kabudula ankafika m'akatumba, womangidwa m'chiuno ndi luzi, ndipo malaya ankabisa zala. M'mawa abambo ankamuimika pakhonde, kumupindira manja a malayawo kawiri, n'kumuuza kuti, "Ukuliramo." Sanakuliremo ngakhale m'chovala chimodzi, zonse zinkang'ambika iye asanazipeze. Anzake ankamutcha Thumba. Ndiye lero buluku likangotalika pang'ono pokha, Lameck sagona nalo m'nyumba, amathamangira nalo kwa telala.

Abambo sanazimvetse zimenezi. Iwo anabwera kuno ali mnyamata kuchokera cha ku Mikolongwe kudzakhala chikamwini kwa amayi, ndipo kuyambira pamenepo moyo wawo unali khasu. Chimanga ndi nandolo zimene tinakulira, njerwa za nyumba imene ndikukhalamoyi, mitengo ya mango yozungulira bwalo, zonsezi ndi manja awo. Kwa iwo chovala chinali chobisira thupi basi. Akamuona Lameck akudzitembenuza pagalasi ankatsonya.

"Mwamuna wanji woyamba wafunsa galasi asanatuluke panja? Nsapato zoyerazo zikupalira munda uti?"

Lameck sankawayankha. Ankadzayankhira kwa ine kukhitchini, akuyendayenda uku ndi uko ine ndikumuuza kuti asandigwetsere madzi.

"Achemwali, munda ndi wanu inu akazi. Ine mawa ndikakwatira Nester ndikupita kwawo ku Mbulumbuzi, ndikakhale mkamwini ngati ababa. Changa n'chiyani pano? Changa ndi chimene chili pathupi pangapa."

Ndinkamukalipira kuti ndi ulesi chabe umenewo, koma mumtima ndinkadziwa kuti pa nkhani ya mundayo sakunama. Kwathu kuno malo amatsata ana aakazi. Pang'onopang'ono awiriwo anasiya kuyang'anana. Ankapatsana moni bwinobwino, mwaulemu wake, koma wina maso kumunda wina maso pansapato. Zinakhala choncho zaka zambiri, mpaka tonse tinazolowera.

Malo amodzi okha ndi amene mwendo wa Lameck umapuma, kometera kwa mnzake Shabani. Shabani ali ndi sola, ndiye anyamata amatchajitsa mafoni kumeneko n'kumasewera mpira wa pafoni, aliyense ndi timu yake. Lameck akagwira gemu ija kunjenjemera konse kumasamukira m'zala. Msana umapindika, pakamwa pamatseguka pang'ono, ukamuitana amangoti "mm". Iye amati mutu umazizira akamasewera, chifukwa mmenemo munthu ukaluza umangoyambiranso. Anandiyesetsapo tsiku lina. Tianthu tanga tonse tinathamangira ku golo lathu lomwe, ndipo ndinamubwezera foni yake ndisanaiponye m'ndowa.

Amayi anatisiya chaka chatha, titangomaliza kukolola nandolo. Pamaliro Lameck anathamanga kuposa aliyense. Nkhuni anali iye, mabenchi akutchalitchi anali iye, kukatenga abale kumsewu anali iye. Koma titabwerako kumanda anasowa, ndipo amayi ena anamupeza kuseri kwa nkhokwe atanyonyomala, akusewera gemu mawu atatseka. Nkhani inafika kwa ine itakula kale. Ndinapita ndili moto, ndinamulanda foniyo n'kumufunsa ngati alibe manyazi. Manja ake, atasowa chogwira, ankangodinadina pamawondo ngati foniyo ikadalipo. Ndinamubwezera foniyo n'kuima pomwepo kumutchinga kuti anthu asamuone.

Patapita miyezi atsibweni, amene ndi mwinimbumba wathu, anabwera kudzanena tsiku losudzula. Mkamwini mkazi wake akamwalira, akuchikazi amamumasula pamaso pa ankhoswe kuti ukwati watha, ndi mfulu, akhoza kubwerera kwawo. Atsibweni ananena poyera kuti palibe akuwathamangitsa abambo, akafuna akhale ndi ana awo. Ine ndinawagwadira kuwapempha kuti asapite. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Chimene ndinadzera kuno ndi mayi ako, mwanangu. Alongo anga andikonzera kale kanyumba. Ndipita ndikadali ndi miyendo."

Ndimawadziwa abambo, akanena anena. Ndinayamba kuwachapira zovala kuti ndiwalongedzere. Nditaziyanika pachingwe mtima unandiwawa. Malaya otuwa ong'ambika m'khosi, mabuluku azigamba m'mawondo, ndi jekete yakutchalitchi imene mbewa zinali zitaboola paphewa. Zonse pamodzi sizikanadzaza thumba la fetereza. Munthu anamanga nyumba yanjerwa, anadzala mitengo, analera ana, koma choti anyamule popita kwawo chinali chimenecho.

Lameck anafika ndikuyanika. Anayenda kutsata chingwecho mpaka kumapeto, n'kubwerera, akukhudza chovala chilichonse ndi zala zake zija.

"Akafike kwawo chonchi, achemwali? Anthu a ku Mikolongwe akati chiyani? Akati tawalimitsa ngati ng'ombe kenaka tawataya."

"Ndiye ufuna utani? Ukudziwa kuti zako sangalandire."

"Alandire asalandire, ababa sachoka pamudzi pano ndi jekete yodyedwa ndi mbewa." Mwendo wake unkagunda pansi. "Nanenso tsiku lina adzandichapira chonchi ku Mbulumbuzi."

Kuyambira tsiku limenelo sitinamuonenso pakhomo dzuwa lili m'mwamba. Belo lililonse lotsegulidwa ku Namitambo analipo, akusaka jekete ya abambo. Anapalasa njinga mpaka ku Mbulumbuzi, anakwera minibasi mpaka ku Limbe, n'kubwerako chimanjamanja. Iyi yopepuka, iyo yonyezimira ngati ya woimba, inayo mabatani ake si eniake. Aphunzitsi amene anamutuma malaya ankabwera kudzadandaula kwa ine ngati ndine ndinawalonjeza. Shabani anandiuza kuti masiku amenewo ankamuchinya Lameck mmene wafunira, chifukwa munthuyo ankasiya gemu pakati n'kutuluka panja osanena kumene akupita. Chakudya ankadya choimirira. Ndipo pansi pa zonsezi panali mantha amene sankawatchula, oti abambo adzamukanira pamaso pa anthu.

Anaipeza pa msika womaliza tsikulo lisanafike, pansi penipeni pa belo la a Sabiti. Inali jekete yotuwa moderako, nsalu yolemera, mkati mwake mosang'ambika paliponse. Ngakhale ine wosadziwa za nsalu ndinaona kuti ichi ndi chovala cha munthu wolemekezeka. Sanaichape, akuti yotere siilowa m'madzi. Anaiyanika pamthunzi kuti fungo la belo lichoke, anaipukuta ndi bulashi, n'kuisita atayala kansalu konyowa pamwamba. Anaibisa kwanga kuseri kwa chitseko.

"Bwanji ndiwanamize kuti ayese kaye?" ndinamufunsa. "Ikhoza kufuna telala."

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

"Ine ndiyeze ababa anga? Mapewa amene aja ndimawadziwa. Ankanyamula thumba la chimanga kuchokera kudimba osapumira. Ndinakwerapo ine popita kuchipatala ndikudwala malungo."

Ndinangoti chabwino a Sindiphonya, n'kupitiriza ntchito yanga.

Tsiku losudzula anthu anasonkhana m'mawa pansi pa mango. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri analankhula, atsibweni anathokoza abambo kuti anasunga mlongo wawo mpaka kumanda, ndipo anawamasula. Sizinatenge nthawi. Abambo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kathumba kawo ndi khasu, atavala malaya otuwa aja. Wakabaza anali akudikira kale kumsewu. Lameck nthawi yonseyi sanakhale pabenchi. Ankalowa kwanga, kutuluka, kuzungulira nkhokwe, kulowanso. Nditaona abambo ayamba kutsanzika ndinamutsina pamkono kuti ngati sapita tsopano ndiye basi.

Anatuluka nayo ataipinda pamikono iwiri. Ananyonyomala patsogolo pa abambo n'kuikweza m'mwamba, maso ali pansi monga mwa masiku onse.

"Ababa, muvale iyi panjira."

Abambo anaiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinkangopemphera chamumtima kuti asatsonye.

"Ndi za kaunjika zako zija?"

"Eya, ababa."

Anatsamiritsa khasu pamtengo, anaika kathumba pansi, n'kutambasula mikono kumbuyo kuti awaveke. Lameck anadzuka msangamsanga n'kuwaveka, kenaka anazungulira kutsogolo kuti akonze kolala monga amachitira ndi makasitomala ake. Pamenepo ndi pamene anaima.

Jekete inawakulira. Mapewa ake anagwera m'mikono, kutsogolo inalendewera ngati yapachikidwa pamsomali, ndipo manja ake anabisa zala zonse. Aliyense anaona. Mapewa amene Lameck anagulira jeketeyo anali a munthu wa zaka zija. Amene anaima patsogolo pake anali nkhalamba yowonda, khosi lopyapyala, mafupa a pachifuwa akuonekera pa malaya. Ine ndinkawaona tsiku ndi tsiku pomawapatsa madzi osamba, ndiye sindinadabwe. Koma Lameck ankawayang'ana abambo ake koyamba patapita zaka zambiri, ndipo nkhope yake inandimvetsa chisoni kuposa maliro aja.

"Vulani, ababa," anatero. "Ndithamangire kwa telala. Sindichedwa, wakabaza adikire pang'ono. Angobweza m'mapewamu ndi m'manjamu basi."

Phazi limodzi linali litaloza kale kumsika. Abambo anatulutsa dzanja m'jeketemo n'kumugwira pamkono. Sanamusiye mpaka anaima bwinobwino. Kenaka, mosafulumira, anapinda dzanja la jeketeyo kawiri, n'kupindanso linalo kawiri, mmene ankachitira pakhonde m'mawa wa sukulu. Anakweza maso n'kumuyang'ana mwana wawo kumaso.

"Isiye, mwanangu. Ndikuliramo."

Azakhali ena anayamba kuseka, kuseka kwake n'kuthera m'chitenje. Abambo anamanga mabatani onse mpaka lomaliza, anatola kathumba ndi khasu, n'kuyenda kupita kumsewu, ife tikuwatsata pambuyo. Atakwera kabaza anakonza jeketeyo kumbuyo kuti asaikhalire, chinthu chimene sindinawaonepo akuchitira chovala chilichonse.

Anthu anabwerera kubwalo mmodzimmodzi. Ine ndinatsala pamsewupo ndi Lameck. Njinga inatsetsereka, inadutsa minda ya nandolo, jekete yotuwa ija ikuchepa mpaka inakhota. Foni inali m'thumba mwake koma sanaitulutse. Ndinayang'ana mwendo wake, unali uli phee. Ndinamuitana kuti tizipita, ndipo anandiyankha osatembenuka.

"Tsogolani, achemwali. Ndiime kaye pompano."