Mtengo wa M'matayala

Alamu anga, mng'ono wa malemu amuna anga, amamata matayala m'mbali mwa msewu, moyang'anizana ndi khonde la sitolo pomwe ine ndimasoka. Anthu onse amawatchula kuti a Chigamba, ndipo ngakhale akazi awo amawaitana choncho akakwiya. Malo awo ndi chisakasa cha malata akutha, benchi, kompuresa yomwe imatsokomola kaye isanalire, ndi theka la mgolo lodzaza madzi a sopo momwe amamiza chubu kuti aone pomwe pakutuluka thovu.

Ntchitoyi anaiyamba ali mnyamata, sukulu itawakana. Amuna anga, omwe anali dalaivala wa lole, ndiwo anawagulira jeke ndi masipanala oyamba. Awiriwa sankacheza monga achezera anthu ena. Amuna anga akabwera ku ulendo ankaimika lole pafupi ndi chisakasa, n'kukhala pa tayala, n'kumadya peyala ndi supuni yomwe ankayenda nayo m'thumba. Mng'ono wawo ankazungulira lole, kugogoda tayala lililonse ndi chitsulo kumvetsera mpweya. Ankangonyozana basi. Uyu ankati iwe umayendetsa ngati wanyamula mazira a apongozi, uyo ankati zigamba zako zimamatuka munthu akangoyetsemula.

Amuna anga atamwalira anakaikidwa kwawo, komwe ndi kutali kwambiri. Ine ndinalira mpaka mawu kuuma. A Chigamba sanagwetse msozi ndi umodzi womwe, anangoyamba kumwa. Chisakasa chinkatsegulidwa dzuwa lili pamutu, nthawi zina osatsegulidwa n'komwe. Tsiku lina anabwezera tayala la minibasi osalimbitsa manati, ndipo mwayi dalaivala analimva likuvina asanapite patali. Makasitomala anasamukira kwina. Akazi awo anayamba kubisa masipanala kunsi kwa bedi kuopa kuti agulitsidwa.

Chimene chinawabweza ndi njere ya peyala. Eni lole atatuma uthenga kuti tikatenge katundu wa malemu, amene anapita ndi a Chigamba, chifukwa ine sindikanatha kukwera m'galimoto imeneyo. Kunsi kwa mpando anapeza njere, itang'aluka kale ngati ikufuna kumera. Anaiika m'chitini cha dothi, ndipo itamera anaiwokera pambali pa chisakasa, pomwe akulu awo ankakhala. Anandiitana kuti ndithireko dothi ndi dzanja langa. Ananena kuti manda ali kutali, koma apa tizitha kupereka moni m'mawa uliwonse. Kuyambira tsiku limenelo sanalawenso mowa.

Vuto linayamba ndi mbuzi za kumsika, zomwe zimadya ngakhale makatoni. Ina inabudula nsonga ya kamtengoko a Chigamba ali kunsi kwa galimoto. Anaithamangitsa ndi sipanala mpaka kuseri kwa sitolo, ndipo pobwera anatenga tayala lakutha n'kuliveka pa kamtengo. Kamtengo katakula pang'ono anasanjikiza lina. Katakulanso, linanso. Kwa iwo chinthu chofooka chimafuna mphira, ndipo chikafookabe ndiye kuti mphira wachepa. Posakhalitsa mtengo unali m'chitsime chakuda cha matayala chofika m'chiuno, masamba okha akusuzumira pamwamba.

Owotcherera zitsulo, omwe ali ndi malo oyandikana nawo, ankawaseka tsiku ndi tsiku. Ankati mtengowu wakwana mawilo a lole, kwatsala n'kuudulira laisensi kuti uzinyamula katundu. A Chigamba ankayankha kuti munthu amene amayang'ana moto tsiku lonse sangadziwe kanthu kobiriwira. Ine ndinkasekera pa makina anga, koma kuseka kwanga kunatha nyengo yotentha itafika.

Masamba anayamba kupsa m'mphepete. Kenaka analendewera ngati makutu a galu wodwala. A Chigamba anaonjeza madzi, ndipo madzi ake anali a mumgolo muja. Madzulo aliwonse, m'malo mowataya m'ngalande, ankawatunga ndi chitini n'kuwathira m'matayalamo, akunena kuti achimwene sankakonda kutaya zinthu. Masamba atayamba kuyoyoka anaganiza kuti ndi fumbi la magalimoto, choncho anaonjezera tayala lina pamwamba.

Tsiku lina masana atapita kukagula guluu, ndinaoloka msewu n'kupisa dzanja m'matayalamo. Munali motentha ngati mu uvuni. Munkanunkha sopo ndi oyilo, ndipo m'mimba mwa tayala lililonse munali madzi akuda oti bii, tizilombo ta udzudzu tikuvinamo. Dothi la pansi linali phala. Sindinaphunzire kwambiri, koma zaulimi za kusekondale ndi dimba la amayi anga zinandikwanira kudziwa kuti mtengowo ukuphikidwa wamoyo.

Kudziwa ndinadziwa, koma kunena kunandikanika. Ine ndine munthu amene kasitomala akandibweretsera nsalu yosakwana ndimangoisoka choncho mwakachetechete m'malo momuuza. Nanga ndikanayamba bwanji kuuza munthu kuti manja ake omwe ndi amene akupha chimene akuchisamala? Ndinaopa kuti akamva zimenezo angonena kuti chilichonse chimene agwira chimaonongeka, n'kubwerera kumowa. Ndinaopanso kuti ndikakhala chete mtengo uuma, ndipo abwererabe komweko. Ndinaolokapo msewu kangapo mawu ali kukhosi, koma ndikafika ndinkangofunsa za ana, kapena kubwereka sipanala yomangira phazi la makina lomwe silinamasuke n'komwe.

Kenaka akazi awo anabwera pakhonde ngati akudzasoketsa siketi. Anakhala pa mpando wa makasitomala, n'kundiuza motsitsa mawu kuti apeza kabotolo kuseri kwa kompuresa. Kanali kosatsegula, koma kanalipo. Anati bamboyo sakudya, akumadzuka n'kupita kukawerenga masamba otsala. Iwo atayesa kunena za matayalawo anayankhidwa kuti sanawakondepo abale a mwamuna wawo.

"Inu ndi amene angakumvereni, mayi," anatero. "Mwini maliro ndinu. Mtengo uwo ukauma, bambo a ana anga ndawataya."

M'mawa mwake ndinadikira kuti pachisakasa pasakhale galimoto. Ndinawapeza a Chigamba atanyamula chitini cha madzi a mumgolo. Ndinapereka moni, iwo anayankha, ndipo ndinaima ndikuyang'ana zala zanga za kumapazi. Pomaliza ndinangoti alamu, madzi amenewo musathire. Ndinanena za sopo ndi oyilo, za kutentha kwa mphira, mawu akutuluka mopingasa ngati msoko wa wophunzira.

"Ndiye ndichotse matayala, mbuzi zidye achimwene?" anafunsa.

"Mbuzi ingodya masamba, alamu. Matayalawa akuwotcha mtengo wonse."

Anaika chitini pansi, n'kupisa dzanja m'matayalamo monga ndinachitira ine, ndipo analisiya momwemo nthawi yaitali. Atalitulutsa analipukutira ku ovolosi, n'kunyamuka osatseka ngakhale bokosi la zida. Analowera cha kumsika, komwe kuli malo omwera mowa.

Ndinabwerera ku makina, koma ulusi unakana kulowa pa singano. Ndinaona lole itaima, dalaivala ataliza hutala, atatukwana, n'kupita. Owotcherera anakweza galasi lawo lakumaso n'kundiyang'ana kutsidya kwa msewu, ndipo kwa nthawi yoyamba analibe nthabwala. Ndinkangoganiza kuti ndikanakhala chete mwina bwenzi tili ndi sabata ina, ndiponso kuti ndikawauza chiyani akazi awo.

A Chigamba anatulukira dzuwa litapendeka, atasenza mpukutu wa waya wa khola la nkhuku. Ndinayang'anitsitsa mapazi awo, ndipo ankayenda molunjika. Anaponya waya pamaso pa owotcherera n'kuwauza kuti popeza pakamwa pawo sipatopa, manja nawonso agwireko ntchito, apange chotchingira choti mphepo izidutsa. Kenaka anandikodola.

Matayala tinawachotsa limodzilimodzi, kuwakweza mosamala kuti asakhudze nsonga. Madzi akuda anatitayikira m'miyendo. Lomaliza litachoka, mtengo unagwada pansi, chifukwa nthawi yonseyi unkatsamira mphira. Thunthu lake linali lowonda ngati pensulo, lotumbuluka. A Chigamba anapuma mokoka ngati munthu wobayidwa. Ndinathamangira ku makina kukatenga tinsalu totsala podula, ndipo tinaumangirira ku kandodo. Tinapalapo dothi lonunkhalo n'kuikapo lina, ndipo ndinawapempha kuti madzi azikhala a pampopi, pang'ono, dothi likauma.

Masamba otsala aja anayoyokabe onse. M'khola la waya munangotsala ndodo ziwiri, ina yathu, ina ya malemu, ndipo wodutsa sakanazisiyanitsa. Sabata zimenezo ndinasoka mipendero yokhota yambiri, chifukwa maso anga ankakhala kutsidya. M'mawa uliwonse ndinkaonetsetsa ngati atsegula, ndiponso mmene akuyendera. Iwo sanandinenepo kanthu koipa, koma moni wawo unafupika.

Tsiku lina m'mawa anaoloka msewu osayang'ana uku ndi uku, mpaka wanjinga anawatukwana. Anaima pakhonde nkhope itagwa, n'kunena kuti basi zatha, mtengo wayamba kutuluka zinthu zofiira ngati wapsa mkati. Ndinasiya nsalu pa singano n'kupita nawo. Pa nsonga penipeni, ndi pena m'munsi mwake, panali timasamba tofiirira, tonyezimira, tating'ono ngati chikhadabo cha khanda.

Ndinawauza kuti masamba atsopano a peyala amatuluka otero, amabiriwira pambuyo pake.

"Mukunena zoona, alamu? Musandinyengerere ngati mwana."

"Zoona. Koma musawakhudze ndi manja a oyilowo."

Ananjuta pafupi ndi waya, manja atawabisa kumbuyo. Minibasi ina inali itaima kale ndi tayala lophwa, kondakitala akufunsa ngati a Chigamba ayamba ntchito ya zankhalango. Anakhalabe chinjutire kanthawi, kenaka anadzuka n'kukatenga jeke. Ine ndinayang'ana kumwamba. Kunalibe mtambo, ndipo mvula inali idakali kutali.