Kanati Kamene Bambo Daka Anamangitsa

Bambo Whiteson Daka anabadwira ku Kabwe. Atate awo anachokera ku Petauke kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo iwo atakula analowa pa chipata chomwecho. Anatha zaka zambiri m'wekishopu ya ku Railways, akumasula ndi kumanga mainjini a sitima. Kumeneko anaphunzira lamulo limodzi limene linawalowa m'mafupa: nati yolekerera imapha anthu. Chilichonse chimene chinali kugwedezeka iwo anali kuchimangitsa, kaya ndi chishalo cha njinga, kaya ndi benchi la m'tchalitchi mwathu, mmene anali mkulu wa mpingo. Akazi awo, Mayi Tryness, ankadandaula moseka kuti botolo la mafuta ophikira likatsekedwa ndi atate a Nelly, pafunika amuna awiri kuti alitsegule.

M'chaka cha 1978 Mayi Tryness anadwala matenda a m'mimba. Kuchipatala anawasunga milungu itatu, kenaka anawabwezera kunyumba ndi mawu ofatsa amene munthu wamkulu amamva tanthauzo lake. Mwana wawo Nelly anachoka kunyumba kwake ku Makandanyama kudzawasamala. Chakudya chinayamba kuwakana. Nyama inawakana, nyemba zinawakana, ndipo kapenta sanafune ngakhale kumuona.

Tsiku lina amuna awo atafika kuchokera kuntchito, mayiwo anawaitana.

"Atate a Nelly, nifuna mpende."

"Nizapita ku maketi, amake Nelly."

"Ija ya ku maketi imafika maso oyera, yayenda tsiku lonse pa lole. Fungo lake linibweza. Nifuna yochoka m'madzi lero, monga mmene atate anga anali kubweretsera ku Luangwa." Anapumira pang'ono. "Koma nikuvutitsani chabe. Imwe nsomba mumaidziwira m'mbale."

Anali kunena zoona. Bambo Daka anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo anali asanaponyepo mbedza m'madzi. Koma aka kanali koyamba m'mwezi wathunthu kuti akazi awo atchule chakudya ndi pakamwa pawo, ndipo anatsimikiza mumtima kuti adzachipeza adakali ndi mphamvu yodya.

Lachisanu pa nthawi ya chakudya chamasana anapita ku sitolo ina ya m'tauni yogulitsa nyali ndi zitsulo za njinga. Masiku amenewo mashelefu ambiri anali opanda kanthu. Wogulitsa, munthu wa Chibemba dzina lake Yoram, anatulutsa timagudumu tiwiri tokulungira chingwe cha mbedza, ndiye tonse timene tinalipo. Kena kanali kachitsulo konyezimira, ka mtengo woposa malipiro a mlungu. Kena kanali kakuda, kopepuka, kotsika mtengo.

"Aka konyezimira n'ka mabwana a pa boti," anatero Yoram. "Imwe tengani aka. Kwa munthu woyamba kakwana."

Bambo Daka anakazunguza pafupi ndi khutu lawo monga amamverera injini, navomera. Kenaka anapempha chingwe cha nayiloni chonenepa koposa zonse.

"Ba mudala, mufuna kugwira nsomba kapena ng'ona?" Yoram anaseka. "Mpende ili na maso. Ikaona chingwe monga waya wa kanyenya, izakupatsani moni chabe n'kupita. Tengani chopyapyala ichi. N'chotchipa futi."

"Sichizaduka?"

"Sichiduka, kagudumu kamachithandiza."

Pamenepo munalowa anthu ofuna parafini, ndipo Yoram sanamalize kufotokoza mmene kagudumu kamathandizira. Nawo Bambo Daka sanafunse, pakuti munthu amene wamasula injini ya sitima safunsa za kanthu kokwana m'dzanja.

Atafika kunyumba madzulo anakamangirira ku ndodo, nakulunga chingwe. Atakoka chingwecho ndi dzanja, anaona kuti kagudumu kakuterera, kakulola chingwe kutuluka, kakulira kuti tche tche tche. Patsogolo pake panali kanati. Anapukusa mutu, poganiza za mmisiri waulesi wa kufakitale amene anakasiya kolekerera. Anakamangitsa ndi zala. Poona kuti kakadatererabe, anaikapo kawashala, nakamangitsa ndi pulayala mpaka chingwe chinaleka kutuluka ngakhale pang'ono. Anayamika Mulungu kuti anaona cholakwacho asanapite kumadzi.

Loweruka m'mamawa anapalasa njinga kupita ku mtsinje wa Mulungushi, ndi chitini cha nyongolotsi. Chingwe chinawapotana kanayi. Mbedza inakola bango, inakolanso malaya awo. Dzuwa litapendeka, chingwe chinagwedezeka, kenaka ndodo inawerama. Anaiona nsombayo ndi maso awo pamene inatembenuka pamwamba pa madzi, mpende yaikulu ngati mbale, yofiirira pakhosi. Inathamangira kumadzi akuya. Iwo anaumitsa manja. Kagudumu sikanalire, sikanapereke chingwe ngakhale chotalika ngati chala, ndipo nayiloni inaduka.

Anakhala pamenepo mpaka dzuwa linatsala pang'ono kulowa, koma sipanabwerenso kanthu.

"Yathawa?" anafunsa Mayi Tryness atawaona akulowa ndi thumba lopanda kanthu.

"Yathawa, amake Nelly. Inali yaikulu."

"Zothawa zonse zimakhala zazikulu. Atate naonso anali kukamba choncho." Anamwetulira. "Lero n'nali na njala, mudziwa. N'nauza Nelly asunge matimati."

Mawu amenewo anawapweteka kuposa chitonzo. M'mawa mwake linali tsiku la Ambuye, ndipo iwo ndiwo anali kutsogolera mapemphero. Anaganizapo zopita kumtsinje, sanabise zimenezo, koma sanapite. Pakati pa mlungu kapitawo sakanawamasula, chifukwa injini ziwiri zinali zogona ndipo amisiri anali ochepa.

Lolemba masana anabwerera kwa Yoram ndi kagudumu m'thumba, atakonzeka kumudzudzula pa chingwe chake chofooka. Yoram anayesa kutembenuza kanati ndi zala, nalephera.

"Ndani anamanga aka?"

"Ndine. Kanali kolekerera."

"Mwaikapo na washala?" Yoram anayamba kuseka, koma atayang'ana nkhope yawo analeka. "Ba mudala, aka kanapangidwa kuti kaziterera. Nsomba ikakoka na mphamvu, kagudumu kaipatsa chingwe, ithamanga, ilema, ndiye imwe mukulunga. Mukamanga so, chingwe chinyamula chokha. Ndiye chiduka."

Bambo Daka anapempha pulayala, namasula okha ntchito ya manja awo, nachotsa kawashala.

"Nionetseni pamene kayenera kuima," anatero.

Yoram anawaonetsa, ndipo anawaonjezera mbedza ziwiri osawalipiritsa.

Mlungu umenewo unali wautali. Lachiwiri Mayi Tryness anadya phala masipuni asanu. Lachinayi anadya atatu, nasanza. Lachisanu anamwa madzi okha. Bambo Daka ankabwera kuntchito, kusamba m'manja, kukhala pambali pa bedi ndi kupemphera. Sanapemphe chozizwitsa, pakuti anadziwa kuti masiku a munthu ali m'dzanja la Mwini wake. Anapempha Loweruka limodzi lokha.

Loweruka linafika, ndipo mayiwo anali moyo. Kumtsinje, chingwe chitakoka, kagudumu kanalira, ndipo dzanja lawo linathamangira pa kanati mwa chizolowezi cha zaka zonse zija. Analibweza. Anasiya nsomba ithamange, nakulunga, naisiyanso, mpaka inafika pagombe yotopa. Inali mpende yaing'ono, yosaposa chikhatho. Sanadikire ina. Anaikulunga m'udzu wonyowa napalasa njinga osapuma, ndipo anafika kunyumba kwawo ku Railways nthawi ya masana isanapitirire.

Nelly anaiphika ndi matimati ndi mchere pang'ono. Atate wake anakhazika amake pa mapilo, nasankha minga ndi zala zawo zokhakhala, naika kachidutswa pa sipuni. Mayi Tryness anakasunga m'kamwa, nayesa kumeza kawiri, koma kanakana. Nelly anawapukuta pakamwa.

"Nipatseni msuzi chabe," ananong'ona.

Anamwa masipuni awiri, natseka maso.

"Iyi ndiye ya m'madzi," anatero. "Mwagwira mweka, atate a Nelly?"

"Nagwira nekha."

"Mwachedwa kuphunzira."

"Nachedwa, amake Nelly. Ija ya Loweruka lapita mukanadya. Ndine n'naitaya, osati chingwe."

"Lekani izo. Idyani iyi nikuoneni, isaonongeke."

Anamvera. Anadya nsomba yonse pamaso pawo, misozi ikugwera m'mbale, mayiwo akuyang'ana mpaka tulo tinawatenga. Anamwalira Lachiwiri m'mawa, Nelly ndi atate wake ali pomwepo.

Bambo Daka anapuma pa ntchito patapita zaka ziwiri, nasiya nyumba ya kampani, nasamukira ku Chililalila. Anatumikira mpingo zaka zina khumi. Ena a ife tinayesa kuwatonthoza kuti nsomba imodzi sikanatalikitsa moyo wa mayiwo, ndipo iwo ankavomera mwaulemu kuti ndi zoona. Ankangoti sanali kufuna kuwachiritsa, anali kufuna kuti adye kamodzi n'kukhuta, ndipo tsiku limene Mulungu anapereka njala ndi nsomba pamodzi, dzanja lawo ndilo linalakwa. Sanaimbe Mulungu mlandu, ndipo sanakayikire chikhululukiro Chake. Koma chisonicho anayenda nacho mpaka anagona m'chaka cha 1990, ndipo tinawaika pafupi ndi akazi awo.